Thanki ya makorali yomwe inamwa soda wolakwika: lipoti la masabata 12

Ntchito yanga ndi yosamalira matanki a nsomba m'nyumba ndi m'maofesi kumpoto kwa Johannesburg. Ndinayambira pa mbuna, nsomba za kwathu ku nyanja ya Malawi zomwe anthu kuno amazikonda kwambiri, kenako ndinalowa m'matanki a madzi amchere. Lipoti ili ndi la thanki imodzi yomwe anandiitanira m'nyengo yozizira, madzi ake atayera ngati mkaka. Ndinaiyendera kwa masabata 12, ndipo manambala ndawakopera m'kope langa la ntchito. Mwini thankiyo sindimutchula dzina, chimodzimodzi m'bale wathu wogwira ntchito pakhomopo.

Thanki yake

Thanki ya pabalaza pamodzi ndi kathanki ka pansi komwe timakatcha sump zimasunga madzi okwana malita 450, mukachotsera malo omwe miyala ndi mchenga zatenga. Munali makorali a zigoba zolimba a mtundu wa Acropora, Montipora ndi Seriatopora, mitu itatu ya Euphyllia, nsomba zisanu ndi ziwiri kuphatikizapo yellow tang mmodzi ndi clownfish awiri, shrimp awiri ndi nkhono zodya ndere. Thanki inali ndi zaka zitatu.

Kwa amene sanawetepo, korali ndi nyama, ngakhale amaoneka ngati mwala kapena kamtengo. Amamanga chigoba chake ndi calcium carbonate, zomwezi zimene zimapanga chigoba cha nkhono ndi cha dzira, ndipo zomangirazo amazitenga m'madzi momwemo. M'nyanja yaikulu sizitha. M'bokosi lagalasi zimatha tsiku ndi tsiku, choncho wina ayenera kumabwezera.

Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi mchere wa magalamu 35 pa kilogalamu ya madzi, calcium chapa 420 ppm (kutanthauza mamiligalamu 420 pa kilogalamu ya madzi), magnesium chapa 1,280 ppm, ndipo alkalinity yake imakhala pafupi ndi 7 dKH. Alkalinity ndi muyeso wa bicarbonate ndi carbonate za m'madzimo, mbali inayo ya chigoba, ndipo timaiwerenga mu dKH. Zinthu ziwirizi zimatha limodzi: alkalinity ikatsika ndi 2.8 dKH, calcium imatsika ndi pafupifupi 20 ppm. Poti calcium ndi yambiri m'madzi pomwe alkalinity ndi yochepa, yoyamba kuonetsa vuto imakhala alkalinity. Thanki iyi ikakhala bwino inkadya 1 dKH pa tsiku.

Zomwe mwini wake ankathira

Kwa zaka ziwiri bamboyu ankagula mankhwala a m'mabotolo a ku sitolo ya nsomba. Makorali atakula, mabotolo anayamba kutha msanga ndipo thumba linamva kuwawa. Apa ndi pomwe anapeza pa intaneti njira yosakaniza yekha, yomwe katswiri wa chemistry wa ku America, Randy Holmes-Farley, anaifalitsa m'zaka za m'ma 2000. Ku Germany njira yofanana nayo imadziwika ndi dzina la Hans-Werner Balling, yemwe anaifotokoza mu 1994. Njira zonsezi n'zodalirika, ndipo ine ndimazigwiritsa ntchito m'matanki angapo.

Chigubu choyamba ndi cha alkalinity. Mumatenga soda wa kukhitchini, yemweyu timathira mu therere m'malo mwa chidulo, magalamu 785, n'kumuyala pa thireyi ndi kumuika mu uvuni wa kutentha kwa madigiri 150 kwa ola limodzi kapena kupitirirapo. Moto umachotsa madzi ndi mpweya wa carbon dioxide, ndipo sodium bicarbonate amasanduka sodium carbonate, yemwe ena amati soda ash. Ngati wapsa bwino sikelo imakuuzani: magalamu 785 aja amatsala pafupifupi 495. Mumamusungunula m'madzi osefedwa ndi makina a RO, omwe amachotsa mchere ndi zina zosungunuka m'madzi a pampopi, mpaka akwane malita asanu. Soda wootchayu amakweza pH (nambala yomwe imatsika asidi akachuluka m'madzi), pomwe wosaotcha amaitsitsa pang'ono. Kuno m'nyengo yozizira anthu amatseka mawindo onse n'kuyatsa hita ya gasi, mpweya woipa umachuluka m'nyumba n'kulowa m'madzi, pH n'kumagona pansi. N'chifukwa chake ambiri timasankha wootcha.

Chigubu chachiwiri ndi cha calcium: magalamu 660 a calcium chloride wa mtundu wa dihydrate m'malita asanu. Bamboyu ankagula wake ku sitolo ya mankhwala a swimming pool. Kapampu kothira mankhwala kankakoka mamililita 85 pa tsiku m'chigubu chilichonse, nthawi zosiyana, ndipo kwa miyezi ingapo zonse zinkayenda bwino. Zithunzi za nthawi imeneyo ndinaziona, makorali ankakula.

Koma njirayi ili ngati mafuwa, imafuna atatu. Lachitatu ndi magnesium, ndipo bamboyu analisiya poona kuti magnesium simatsika msanga. Analekanso kusintha madzi mwezi ndi mwezi, poganiza kuti zigubu ziwirizi zikubwezera zonse.

Apa pali masamu omwe anthu ambiri sawaona. Korali amatenga calcium m'chigubu china ndi carbonate m'chinzakecho. Chotsala ndi chloride ndi sodium, kutanthauza mchere wamba wa patebulo. M'thanki iyi unkatsala wokwana magalamu 9 ndi kanthu tsiku lililonse, zomwe zimakweza mchere wa m'madzi ndi 0.6 pa mwezi. Bamboyu ankaziona ndithu, ndipo ankachita zomwe aliyense angachite: kutunga madzi amchere pang'ono n'kubwezera osalawa mchere. Muyeso wa mchere unkabwerera pa 35, koma madzi otayidwawo ankapita ndi magnesium, potassium ndi sulphate, pomwe chobwera m'malo mwake chinali sodium ndi chloride basi. Patatha miyezi isanu ndi itatu, madzi aja anali akusanduka pang'onopang'ono madzi a mchere wa patebulo.

Magnesium ndi yomwe imatchinga calcium ndi carbonate kuti zisagwirane zokha m'madzi korali asanazitenge. Ikachepa, zimayamba kuundana pamalo otentha. Hita ya m'thankiyi ndinaipeza itavala chikhungwa choyera chokhuthala ngati cha m'ketulo ya madzi a pachitsime, ndipo mapampu awiri ankavuta kuyaka magetsi akabwera. Bamboyu ataona kuti alkalinity sikukhazikika, anakweza mlingo wa soda kuchoka pa mamililita 85 kufika pa 120. Chigubu chomwe chinkatha pafupifupi miyezi iwiri chinayamba kutha m'masabata asanu ndi limodzi, iye osazindikira. Chinatha iye ali ku Cape Town.

Sabata ya ngozi

Pakhomopo pamagwira ntchito mnzathu wa ku Mangochi, yemwe amasamalira dimba ndi swimming pool, ndipo bwana akachoka amadyetsanso nsomba. Ndi iyeyu anaona kuti chigubu chauma, n'kutumiza uthenga pa WhatsApp. Yankho linali lachidule: akagule baking soda wa magalamu 200, asavutike n'kuotcha, angosungunula m'malita atatu a madzi a RO.

Dzina loti baking soda ndi la ku America, komwe kunachokera njirayi. M'masitolo a kuno paketi yake imalembedwa kuti bicarbonate of soda, m'Chiafrikaans koeksoda. Pashelefu yomweyo, moyandikana, pamakhala chitini cholembedwa baking powder. Munthu wotumidwa chinthu cha dzina loyamba ndi baking, n'kupeza chitini chimodzi chokha cha dzina lotero, atenga chiti? Ine pano sindiona kulakwa kwa wotumidwayo. Nditamufunsa anandiuza kuti, "Achimwene, akanangoti soda wa therere bwenzi nditagula weniweni. Nditathira m'madzi zinachita thovu ngati masese akuwira, ndiye ndinajambula n'kuwatumizira. Anangondiyankha ndi kachala kaja." Chithunzicho anandionetsa pafoni, pansi pake pali kachala koloza m'mwamba.

Mu baking powder soda alimo ndithu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kwinako ndi asidi wouma, kawirikawiri wa phosphate, ndi ufa wosalala wa starch woteteza ku chinyontho. Akangonyowa asidi uja amadya soda, n'kutulutsa mpweya womwe umafufumitsa chikondamoyo. Thovu lomwe mnzathuyu anaona linali alkalinity ikuuluka. M'chigubu munatsala phosphate ndi phala la starch.

Kapampu kanakoka zimenezi kwa masiku ngati awiri, kenako kapaipi kanatsekeka ndi phala lija. Kutsekekako kunapulumutsa thanki, chifukwa nsenga zambiri ndinazipeza zili pansi pa chigubu. Koma kuyambira tsiku lomwe soda anatha palibe alkalinity yomwe inalowa, pomwe chigubu cha calcium chinkathirabe ngati kale.

Bwana anabwera madzulo a tsiku lachisanu ndi chimodzi. Anapeza madzi achita mbuu, makorali afiirira, alkalinity ili pa 5.2 kuchoka pa 8.3. Mtima unathamanga. Anapita kokhala mankhwala a swimming pool, n'kutenga soda ash wokwezera pH, n'kuthira masupuni anayi odzaza mu sump, wouma, nthawi imodzi. Supuni yomweyo ndinaiyeza pa sikelo m'mawa mwake: magalamu 15 iliyonse, onse pamodzi 60. M'malita 100, magalamu 1.9 a soda ash amakweza alkalinity ndi 1 dKH. Ndiye kuti m'malita 450 anakweza ndi 7 dKH m'mphindi zochepa, pomwe ine sindilola kupitirira 1 dKH pa tsiku lathunthu. pH inalumpha, ndipo poti magnesium inali yochepa kale, madzi onse anayera ndi fumbi la calcium carbonate.

Zomwe ndinapeza

Ndinafika cha m'ma 8 koloko m'mawa. Kumbuyo kwa thanki sikunkaoneka. Fumbi loyera linali pamiyala, pagalasi ndi pamakorali penipeni. Nsomba zinali kumtunda kwa madzi zikupuma mofulumira, shrimp mmodzi atafa. Euphyllia anali atadzikokera m'zigoba. Pa Acropora awiri akuluakulu mnofu unali utayamba kusupuka kuchokera kutsinde, kusiya chigoba choyera mbee, ndipo pa mmodzi mzere wa kusupukako unasuntha ndi theka la chala m'maola atatu omwe ndinali pomwepo.

Madzi oyeza ndinayamba ndawasefa kaye. Madzi oyera chonchi amanamiza, chifukwa mankhwala oyezera alkalinity ndi asidi, ndipo asidiyo amasungunula fumbi loyandama n'kuliwerengera ngati lili m'madzi. Nditasefa ndinapeza izi: pH 8.5, alkalinity 9.6 dKH, calcium 450, magnesium 1,080, mchere 35, nitrate chapa 2, kutentha madigiri 25. Phosphate inapitirira malire a kachipangizo kanga, komwe kamalekezera pa 0.9 ppm. Ndinasakaniza gawo limodzi la madzi a m'thanki ndi magawo atatu a madzi amchere atsopano, n'kuchulukitsa yankho kanayi: 1.6 ppm. M'thanki ya Acropora timafuna phosphate isafike 0.1.

Ndinalemba m'kope mavuto anayi motsatira kufulumira kwake kupha. Loyamba linali mpweya wopuma: starch ndi chakudya cha mabakiteriya, anachulukana n'kumadya oxygen, ndipo nthawi imeneyo magetsi ankathima maola awiri kapena anayi mosinthana madera. Lachiwiri kulumpha kwa alkalinity ndi pH. Lachitatu phosphate, lachinayi magnesium. M'maganizo anga, omwe anapha Acropora ndi masupuni anayi aja. Phosphate yochuluka imafiiritsa korali ndi kuimitsa kukula, koma ndaonapo matanki akukhala nayo miyezi. Kusupuka kwa usiku umodzi ndimakuona pomwe alkalinity yagwedezeka mwadzidzidzi.

Zomwe ndinachita

Choyamba ndinazimitsa kapampu ka mankhwala ndi kuchotsa zigubu zonse ziwiri. Bwana anali atanyamula kale botolo la viniga kuti atsitse pH, ndipo ndinachita kumulanda mwaulemu. Viniga amatsitsadi pH, koma nayenso ndi chakudya cha mabakiteriya omwe anali akulanda kale nsomba mpweya. pH ya 8.5 imatsika yokha madzi akamamwa carbon dioxide wa mumlengalenga. Ndinangoloza mapampu kumtunda kuti madzi azigavira, n'kuika timiyala tiwiri totulutsa mpweya pa kapampu ka batire, kuti kazigwira ntchito ngakhale magetsi atathima. Pofika madzulo nsomba zinatsika kumtunda kuja, ndipo m'mawa mwake pH inali 8.2.

Fumbi ndinalichotsa ndi thonje losefera la mu sump, lomwe tinkasintha kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Skimmer, chipangizo chomwe chimatulutsa zonyansa ngati thovu, ndinachitsegula kuti chizitaya madzi ambiri. Ndinaikanso makala osefera. Pamakorali ndinkapemerera madzi pang'onopang'ono ndi kachubu kuti fumbi lisakhalepo.

Acropora awiri aja sindinawadikire. Ndinadula nthambi zamoyo patali ndithu ndi mzere wa kusupuka, zidutswa zisanu ndi zinayi, n'kuzimata pa timiyala ndi super glue wokhuthala uja wa m'sitolo wamba. Ameneyunso ndi katundu wa m'nyumba yemwe sapweteka thanki, amauma akangokhudza madzi. Zigoba zotsalazo ndinazichotsa tsiku lomwelo kuti mnofu wowola usawonjezere vuto.

Madzi ndinasintha katatu m'masiku asanu ndi atatu, malita 70 ulendo uliwonse, ndi mchere wogula wa makorali ndi madzi a RO. Bwana ankafuna tisinthe theka la thanki nthawi imodzi. Ndinakana, chifukwa nyama zomwe zangogwedezeka kawiri m'sabata imodzi sizifuna kugwedezeka kachitatu, ngakhale kukhale kopita kwabwino. Alkalinity ndinaisiya kuti itsike yokha. Apa pali msampha womwe ndaona anthu ambiri akugweramo: korali wodwala samanga chigoba, choncho thanki yomwe inkadya 1 dKH pa tsiku tsopano inkadya 0.2 yokha. Mukabwezera mlingo wakale mumakwezanso alkalinity mopyola. Ndinayeza tsiku lililonse ola lomwelo, ndipo itafika pa 8 pa tsiku lachisanu ndi chinayi, ndinayambanso kuthira mamililita 20 okha m'chigubu chilichonse.

Phosphate ndi yomwe inatichedwetsa. Miyala ya m'thanki ndi calcium carbonate, ndipo imamwa phosphate ngati siponji. Mukasintha madzi nambala imatsika lero, mawa miyala n'kulavula ina. Ndinagwiritsa ntchito GFO, timibulu tofiira ta chitsulo tomwe timagwira phosphate, kuyamba ndi magalamu 100 okha n'kumasintha sabata iliyonse. Sabata yachiwiri tinali pa 0.9, yachinayi 0.45, yachisanu ndi chiwiri 0.2, yakhumi 0.08.

Mnzathu wa ku Mangochi, yemwe mankhwala a pool amawadziwa kundiposa, anandionetsa botolo lochotsera phosphate mu swimming pool n'kufunsa ngati silingafulumizitse ntchito. Funso linali lanzeru. Ambiri mwa mabotolo amenewa ndi lanthanum chloride, ndipo akadaulo ena amawathiradi m'matanki akuluakulu. Amagwira phosphate n'kupanga fumbi losalala kwambiri, lomwe likapanda kusefedwa bwino limatseka malaka a nsomba, ndipo anthu oweta akhala akudandaula kuti ma tang ndiwo amayamba kuvutika. Botolo lakelo silinalembe ngakhale mphamvu ya mankhwalawo kapena zina zomwe anasakanizamo. Ndinamuuza kuti pa nsomba zomwe zangotsala pang'ono kubanika sindingayese.

Magnesium ndinaisiyira sabata yachitatu. Kusintha madzi kunali kutaifikitsa chapa 1,150, ndipo ndinkafuna 1,300. Kukweza 150 ppm m'malita 450 kumafuna magalamu 68 a magnesium yeniyeni. Epsom salt wa ku famase ali ndi magnesium gawo limodzi lokha mwa khumi, ndiye mukadalira iye yekha mufuna magalamu pafupifupi 690, ndipo pa magnesium iliyonse amabweretsa sulphate yochuluka kanayi. M'nyanja sulphate imakhala chapa 2,700 ppm. Kuwonjezera 600 pamenepo si pang'ono. M'thanki yabwinobwino ndikanathira magnesium chloride wambiri ndi Epsom wochepa chabe. Koma thanki iyi inali itataya sulphate kwa miyezi isanu ndi itatu, choncho Epsom ankabwezera zomwe zinasowa. Ndinasakaniza magalamu 300 a Epsom ndi 320 a magnesium chloride, n'kugawa m'masiku asanu ndi limodzi. Epsom wake akhale wopanda fungo. Wosambira uja wa mafuta a lavender asayandikire n'komwe. Asasakanizidwenso m'chigubu cha calcium, chifukwa sulphate ndi calcium zikakumana zili zokhuthala zimapanga gypsum, n'kukhala pansi ngati pulasitala.

Hita ndi mapampu ndinaziviika usiku wonse mu viniga woyera wa 5 peresenti, kunja kwa thanki, n'kuzitsuka bwino. Ntchito ya viniga yomwe ndimaivomereza popanda mafunso ndi imeneyi.

Sabata yachitatu mpaka yachisanu ndi chimodzi kunabuka ndere zobiriwira zonga tsitsi pamiyala yonse, monga ndinkayembekezera. Tinkazizula ndi manja, yellow tang ndi nkhono n'kumamaliza.

Zotsatira za labu, ndi zomwe tikuthira tsopano

Madzi omwe ndinatunga tsiku loyamba ndinawatumiza ku labu ya ku Germany yoyeza ndi makina a ICP, omwe amaona ngakhale tizitsulo tochepetsetsa. Chomwe ndinkaopa kwambiri chinali copper, chifukwa mankhwala ena opha ndere mu pool amakhala ndi copper, ndipo supuni imodzi ikhoza kuyenda m'zitini zonse za m'kachipinda kamodzi. Copper wochepa chabe amapha shrimp, nkhono ndi makorali, ndipo akalowa m'miyala satuluka msanga. Sanapezeke. Potassium inali chapa 345 pomwe m'nyanja imakhala chapa 400, zomwe zikugwirizana ndi masamu a kutaya madzi aja. Bromine inali pamwamba pa ya m'nyanja, yomwe imakhala chapa 65 ppm. Calcium chloride wopangira mafakitale ndi ma pool nthawi zina amabwera ndi bromide, malingana ndi madzi amchere omwe anamuyengako, ndipo ndikukhulupirira kuti inachokera kumeneko.

Bwana atawerenga zotsatirazi anati abwerera ku mabotolo a ku sitolo. Ndinamuuza kuti ndalama ndi zake, koma sodium bicarbonate wa m'botolo lokongola ndi wa m'paketi ya kukhitchini ndi chinthu chimodzi. Chomwe mumalipira pa botolo ndi chakuti wina wakuyezerani, wasankha zoyera, ndipo kawirikawiri waikamo magnesium ndi tina ndi tina tomwe inu mungaiwale. Amene akufuna kusunga ndalamazo ntchito zitatuzi zimakhala zake. Anavomera kupitiriza, koma motsatira zomwe tinagwirizana.

Soda tikugula wa zakudya, wolembedwa E500. Calcium chloride wa pool tinamusiya. Tikutenga wa zakudya, E509, kwa ogulitsa zipangizo za ofulula mowa ndi opanga tchizi. Pogula muyenera kuona ngati ndi dihydrate kapena anhydrous, chifukwa woyambayo ali ndi calcium 27 peresenti pomwe wachiwiriyo 36, ndipo wachiwiriyu amatenthetsa madzi kwambiri posungunuka moti chigubu chopyapyala chimatha kufewa. Calcium chloride wa m'timabokosi toyamwa chinyontho m'makabati ndinaletseratu, ambiri amawaika zonunkhiritsa. Soda wochapira zovala chimodzimodzi. Borax, yemwe ena amati amakweza pH, amakwezadi ngakhalenso nambala ya alkalinity, koma borate korali samangira chigoba, ndiye nambalayo imangokunamizani kuti nyama zili ndi chakudya.

Bwana anafunsanso za laimu, poti anawerenga za kalkwasser, madzi a calcium hydroxide omwe amabwezera calcium ndi alkalinity limodzi osasiya mchere. Njirayo ndi yakale komanso yabwino: pafupifupi galamu imodzi ndi theka ndi yomwe imasungunuka pa lita, ndipo pH yake imapitirira 12, choncho amathira modontheza. Koma laimu wa ku hardware, yemwe kwathu timapaka nyumba, sanapangidwire zamoyo ndipo palibe angakuuzeni zomwe zilimo. Ndinati tikadzafuna tidzagula wa zakudya, ndipo osati chaka chino.

Ndivomereze kuti inenso ndinabwera m'ntchito ya makorali ndi dzanja lolemera. Oweta mbuna ambiri amathira soda ndi Epsom ndi supuni kuti madzi a pampopi afanane ndi a kunyanja kwathu, omwe pH yake imakhala chapa 8, ndipo mbuna zimapirira ngakhale supuni itadzaza mopyola. Zinanditengera nthawi kuti ndisiye supuni n'kugwira sikelo. Pakhomo pano supuni ija ndinaibweza kukhitchini, n'kugula kasikelo koyeza mpaka kachigawo ka galamu.

Kusintha madzi kwabwerera, malita 45 masabata awiri alionse. Chigubu chachitatu cha magnesium chilipo tsopano. Pa chigubu chilichonse tinajambula mzere wofiira pa lita imodzi yomaliza, ndipo paketi yodikirira ya mankhwala oyezayeza kale imakhala m'kabati, kuti wina asadzatumidwenso ku sitolo mothamanga.

Mmene zinalili pa sabata ya 12

Nsomba zonse zisanu ndi ziwiri zilipo. Tinataya shrimp mmodzi, Acropora awiri akuluakulu ndi pafupifupi theka la Seriatopora. Pa zidutswa zisanu ndi zinayi zomwe ndinadula, zisanu ndi chimodzi zinagwira ndipo zayamba kuyala chigoba pa timiyala tawo. Euphyllia anatuluka pa tsiku lachinayi ngati kuti palibe chinachitika. Montipora anafiirira mpaka sabata yachisanu ndi chitatu, koma tsopano m'mphepete mwake mwabwerera kamzere koyera ka kukula kwatsopano.

Manambala omaliza: alkalinity 8.1, calcium 430, magnesium 1,310, phosphate 0.07, nitrate 4, mchere 35. Thanki ikudya 0.7 dKH pa tsiku ndipo kapampu kakuthira mamililita 60. Madzi ena ndidzatumiza ku labu pakatha miyezi itatu, kuti tione ngati bromine yatsika titasintha calcium chloride, komanso ngati potassium ikufuna kuwonjezera payokha.

Kuyeza alkalinity kawiri pa sabata tsopano ndi ntchito ya mnzathu wa ku Mangochi, ndipo bwana anamuwonjezera kangachepe pa malipiro chifukwa cha ntchitoyi. Amalemba m'kope lomwe limakhala pamwamba pa sump n'kunditumizira chithunzi chake Lachiwiri ndi Lachisanu. Zolemba za pa zigubu analemba yekha ndi cholembera chakuda, m'zilankhulo ziwiri. Pa chigubu choyamba, pansi pa mawu a Chingerezi, analemba kuti: soda wa therere, wootcha, akachita thovu musathire.